Mabwato a M'matope ndi Mzungu Wofufuza Nkhondo

Chaka chimene nyanja ya Chilwa idaphwa ndidali kale mayi wa ana aakazi okhaokha, wamng'ono akadali kumsana. Madzi sadachoke mwaukali ayi. Ankangosuntha, lero ali apa, sabata yamawa ali uko, mpaka m'mawa wina tidaona anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi, mitolo ili pamutu, akuponda pomwe kale nsungwi yokankhira bwato inkamira yonse. Matemba adatha. Makumba adafera m'zithaphwi, fungo lake n'kumatipeza kunyumba. Milamba yokha ndiyo idachenjera, idalowa m'matope, ife n'kumaikumba ndi makasu ngati chinangwa.

Amuna anga adali msodzi, mwana wa mudzi wa Asilamu umene uli kumpoto kwathu, kutsidya kwa khwawa. Ife ndife a tchalitchi, makolo athu adachokera kuseri kwa nyanja, kwa Apwitikizi, ndipo dzanja lathu ndi la khasu. Amuna angawo adadzakhala kwathu chikamwini: adamanga nyumba pamalo a amayi anga, n'kumalima munda wa amayi anga. Adali munthu wosalankhula. Ukawafunsa ankayankha, ukapanda kuwafunsa ankatha kukhala nawe tsiku lonse akusoka ukonde, pakamwa pali chitsekere. Ine ndiye ndinkalankhulira tonse awiri, ndipo sizinkandilemera.

Mwinimbumba wathu adali achimwene anga aakulu. Nkhani iliyonse ya ife alongo awo ndi ana athu inkathera m'manja mwawo. Ukwati wanga adaumanga ndi iwo, ndipo woumasula akadakhalanso iwo omwe.

Madzi atachoka adasiya dothi lakuda, lachinyontho, loti ukaponyapo njere ya chimanga imamera usanafike kunyumba. Mkangano udayambira pamenepo. Pakati pa njedza, udzu wautali uja wa m'mbali mwa nyanja, padali njira ya mabwato imene makolo a asodzi adadula kalekale. Asodzi adati malo a m'mbali mwa njirayo ndi awo, poti doko ndi lawo, ndipo nsomba zatha, nawonso ayenera kudya za khasu. Athu adati munda wa munthu umatsata madzi: madzi akathawa, mizere yako imawalondola mpaka pomwe aima. Aliyense ankanena zoona za kwawo.

Tsiku lina amuna a kwathu adayatsa njedza kuti alambule malo. Moto udadya mpaka kunjira ija, ndipo utazima kudapezeka kuti mabwato a asodzi apsa, ambiri ndithu. Asodzi adabwera n'kuzula chimanga chathu chongomera kumene. Athu adapita ndi mipini. Msuweni wanga adabwerako mutu utang'ambika, wina wa uko adathyoka mkono. Amayi tidaleka kutunga pachitsime chimodzi.

Kuboma nkhaniyi sidapite. Masiku amenewo chipani chidali chimodzi, ndipo chinkanena kuti m'dziko muno muli bata. Kukamveka kuti midzi iwiri yatengerana mipini, galimoto ya apolisi inkabwera, ndipo sinkasankha kuti wolakwa ndi uti. Choncho tinkadana mwakachetechete. Pamsonkhano tinkavina bwalo limodzi, nsalu zofanana, kumwetulira kuli mbee, pobwerera aliyense njira yake.

Achimwene adandipeza ndikupeta gaga pakhonde. Sadakhale pansi.

"Chemwali, m'nyumba mwakomu muli khutu la anthu aja. Tikapangana chinthu madzulo, m'mawa achidziwa kale. Mvula isanagwe alamu apinde mkeka wawo azipita kwawo."

Ndidati, "Achimwene, munthu woti ngakhale ine mkazi wake mawu ndimachita kuwakumba, akayankhula bwanji ndi mudzi wonse?"

"Kwa iwe ndi chete. Kwawo sukudziwako."

Amuna anga adamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe. Madzulo ake ndidawaona akukulunga maukonde awo mtolo umodzi, n'kuupachika pafupi ndi khomo, poti akamatuluka asavutike kuufuna.

Mzungu wina adafika m'masiku omwewo. Galimoto idamusiya kumsewu, kotsalako adayenda wapansi pamodzi ndi womasulira wake, bambo wachikulire wa ku Zomba, mphunzitsi, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pawo pankabwera tcheyamani wa chipani, poti mlendo sankalankhula ndi munthu popanda khutu la chipani pafupi. Mzunguyo adali wa ku Amereka, wamtali, khosi lofiira ngati la nkhukundembo, ndevu zitayamba imvi. Ankafuna bambo anga. Iwo paunyamata wawo adasenzapo katundu wa asilikali pa nkhondo ya Jeremani, ndipo mwa anzawo a mtengatenga kuno adatsala okha.

Aphunzitsi aja adati, "Bwanawa ndi munthu wa mbiri yakale. Ntchito yawo ndi imodzi basi, kufufuza chimene chimayambitsa nkhondo. Awerenga zolemba za mafumu a kwawoko, tsopano akufuna kumva kwa amene adasenza mabokosi."

Tcheyamani atamva mawu oti nkhondo adakhosomola. Adati zikhale zakale zokhazokha, za Atsamunda.

Bambo adali atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, miyendo idali itayamba kale kuwakana. Tidamutulutsira mpando mzunguyo, iye adaukana, n'kukhala pansi pafupi ndi mutu wa bambo, miyendo yake yaitaliyo akusowa poiika. Adatsegula makina otenga mawu. Ine ndidakhala chapatali ndi lichero la nandolo, ngati ndilibe nazo ntchito.

Nkhani ine ndimaidziwa. Kuyambira ndili mtsikana, ndikayamba kusimba chinthu pamtondo, misi inkaima. Ndipo nkhani imayenda chamtsogolo: kudachitika ichi, ndiyeno ichi, ndiyeno ichi, mpaka ifike pomwe ikupita. Munthu uyu ankaiyendetsa chobwerera, ngati wolondola mapazi a mbuzi yotayika kuti aone khola lomwe idatulukira.

Bambo adayamba ndi zomwe ankayamba nazo nthawi zonse: njala ya panjira, kamwazi, anzawo otsala m'mbali mwa msewu bokosi lili pambali. Mzungu adamvetsera osawadula. Atatha, adafunsa kudzera mwa aphunzitsi aja.

"Musanasenze bokosi loyamba mudali kuti?"

"Kuboma, pamzere."

"Musanafike pamzere?"

"Kumunda. Amesenjala adatipeza tikupalira."

"Adati mukupita kukatani?"

"Adati Jeremani akubwera kudzalanda dziko, tikamutsekereze asanafike."

"Jeremaniyo mudamuona?"

Bambo adaseka mpaka chifuwa chidawagwira. "Ndidaona womusenzera katundu. Tidamugwira kumpoto uko, munthu wakuda ngati ine, phewa lotupa ngati langa. Tidamufunsa kuti kodi inu mumadzafuna chiyani kwathu? Iye akuti, kwanu kuti? Ife adatiuza kuti Mngerezi akubwera kudzalanda dziko, tikamutsekereze asanafike."

Mzungu uja adatseka maso kanthawi. Kenaka adapempha kuti bambo abwereze mawu omwewo pafupi ndi makina. Ine nkhani ya wogwidwayo ndidali ndisanaimvepo, chikhalirecho ndidakulira pamiyendo pa bambowo. Palibe adawafunsapo mpaka kufika kumeneko.

Madzulo nkhani idafika pamtondo, ndipo idafika itasintha malaya. Paja kwathu kuno munthu wofufuza chimene chayambitsa tsoka timamudziwa. Mwana akafa mosadziwika, nkhokwe ikapsa, mumapita kwa woombeza, amayang'ana m'zinthu zake, n'kutchula dzina. Ndiye amayi adagwirizana kuti uyu ndi woombeza wa azungu, kabokosi kaja ndi ula wake, ndipo ngati amatha kupeza woyambitsa nkhondo ya Jeremani, ya mabwato ingamukanike bwanji? Pofika m'mawa, achimwene adali atazimva, ndipo adazikhulupirira.

Mzungu adabweranso kudzapitiriza ndi bambo. Lidali tsiku la msika, tcheyamani adangowaperekeza n'kuthamangira kukaona makadi a chipani pachipata. Atangozimiririka, achimwene adatulukira atapanira nkhuku yoyera m'khwapa. Adagwada, n'kuiika patsogolo pa mlendo, miyendo yomanga.

"Aphunzitsi, auzeni bwanawa kuti chipondamthengo ndi ichi."

Chipondamthengo ndi chija umapereka kwa sing'anga asanagwire ntchito yako. Aphunzitsi adavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Adamasulira. Mzungu adayang'ana nkhuku, nkhuku idamuyang'ana iye, makutu ake n'kufiira kuposa khosi.

Achimwene adafotokoza mlandu wonse motsitsa mawu, n'kumaliza kuti, "Ife tikufuna dzina. Amene adayambitsa zimenezi ndani? Ife tikumudziwa kale, koma tikufuna timve kwa odziwa."

Dzina limene ankalifunalo ndinkagona nalo nyumba imodzi.

Mzungu sadaseke. Adalankhula nthawi yaitali, aphunzitsi n'kumatipatsa pang'onopang'ono. Adati iye saombeza. Adati bambo ake adapita ku nkhondo ina kutsidya kwa nyanja yamchere iye ali wamng'ono, osabwerako, ndipo adakula akufuna dzina la munthu mmodzi woti amuloze chala. Adalowa sukulu ndi funso limenelo, adakalamba nalo, akazi ake adatopa nalo. Mayina adawapeza ambiri, ena oipa ndithu. Koma adati paliponse pomwe wakumba, pansi pa dzina amapezapo anthu awiri oopana, aliyense akuthamangira kuyamba kuti mnzake asamuyambe.

"Ndiye dzina ndilibe. Ndili ndi mafunso okha. Mukawafuna, nkhuku sifunika."

Achimwene adati afunse.

"Msuweni wanu asanatemedwe, kudachitika chiyani?"

"Adazula chimanga chathu."

"Asanazule?"

"Mabwato awo adapsa. Koma moto sudziwa bwato."

"Mukamawotcha udzu umenewu zaka zina, mumatani?"

Achimwene adakanda m'mutu. Mwambo wake udalipo, ndipo tonse tinkaudziwa. Musanayatse njedza mumatuma munthu kumidzi ya m'mbali kukachenjeza, kuti wa mono achotse mono wake, wa bwato akoke bwato lake. Chaka chimenecho sadatume munthu.

"Chifukwa chiyani?"

"Tikadawauza akadathamangira kukabzala ife tisanafike."

"Mudadziwa bwanji kuti akufuna kutero?"

"Adali atazika kale nsungwi. Mzere wonse m'mbali mwa njira ija, nsungwi zazitali, tinsanza tili kunsonga. Munthu akazika mitengo mumzere pamalo opanda mwini, akutanthauza chiyani? Ndi malire amenewo."

"Adakuuzani okha kuti ndi malire?"

"Zoonekeratu safunsa."

Mzungu adagwedeza mutu, osati mokana kapena movomera. Adati, "Ya mbali yanu yafika apa, ndipo ikumveka. Ine ndikadakhala inu mwina ndikadaopanso. Koma ndi theka. Pamudzi pano ndani adamvako ya mbali inayo?"

Bambo adatembenukira kumtengo. Aphunzitsi adayamba kumasula miyendo ya nkhuku ija, n'kuisiya ipite.

Ine ndidasiya lichero n'kutsika kudimba. Amuna anga ndidawapeza akubzalanso m'mapando momwe abale awo adazula, okhaokha, dzuwa lili pamutu. Ndidakhala pamzere, mwana n'kumutsitsa.

Kufunsa kwanga kwa masiku onse kudali kwakuti, mwamva zomwe achita abale anu? Iwo n'kuyankha kuti ndamva. Tsiku limenelo ndidafunsa mwanjira ina.

"Abambo, moto usanayake, kunjira ya mabwato kuja kudali chiyani?"

"Mabwato."

"Nanga nsungwi zija?"

Adaimika khasu. "Nsungwi ziti?"

"Za tinsanza. Za malire."

Adandiyang'ana ngati ndalankhula Chingerezi. Kenaka adafotokoza, ndipo ndidachita kuwakoka liwu limodzilimodzi. Bwato losema likakhala padzuwa popanda madzi limang'aluka, silibwereranso. Ndiye madzi atathawa, asodzi adakumba m'matope m'mbali mwa njira yawo, aliyense n'kukwirira bwato lake theka, pamwamba n'kufunditsa njedza yambiri kuti lisaone dzuwa. Poti udzuwo ndi wautali kuposa munthu, aliyense adazika nsungwi pamutu pa bwato lake, n'kumangirira kansanza ka malaya ake kuti adzalizindikire madzi akadzabwera. Zidakhala mumzere chifukwa njirayo ndi yowongoka.

"Langa lidali lachitatu kuchokera kudoko," adatero. "Kansanza kake kadali ka nsalu yako yakale ija ya maluwa."

Ndiye kuti bwato lathu lomwe lidapsa ndi moto wa achimwene, ndipo munthuyu adakhala nazo m'mimba osanena.

"Bwanji simudawauze achimwene?"

"Adandifunsa? Zoti akukawotcha adandibisira. Zaka zonse wokachenjeza kwathu ndimakhala ine. Chaka chino ndidangoona utsi." Adatolanso khasu. "Mkamwini salowa nkhani ya eni mudzi asanamuitane. Ukudziwa."

Ndinkadziwa. Mwambo womwewo ndi umene udawachititsa kukhala mkamwini wabwino pamaso pa amayi anga.

Tsiku lomaliza la mzungu ndidakonza ndekha. Ndidatuma mawu kwa achimwene kuti bambo akuwafuna, ndidauza amuna anga kuti apongozi awo akuwafuna, bambo ndidawauza kuti angogona pomwe amagona. Tcheyamani adali atatopa ndi nkhani za Jeremani, adakhala kutsidya kwa bwalo akumwa thobwa lomwe ndidamutumizira m'chipanda chachikulu dala. Aphunzitsi ndidawapempha kuti makina atsekedwe. Mzungu adawatseka yekha, n'kuwafunditsa chipewa chake.

Mkazi salankhula pamlandu wa amuna. Koma uwu sudali mlandu, padalibe bwalo, padalibe nkhoswe. Ndidagwada pakati, n'kunena kuti ndili ndi kankhani koti ndimusangalatse nako mlendo asanapite.

Ndidayambira pamutu wa msuweni wanga. Ndidausimba bwino, magazi ake, kulira kwa amake, achimwene n'kumavomera ndi mutu. Ndidabwerera pa chimanga chozulidwa, ndidatchula mizere yake, thukuta lake. Adavomerabe. Ndidabwerera pamoto, mmene udathamangira ndi mphepo ya masana. Ndidabwerera pa mthenga amene sadatumidwe. Apa mutu wa achimwene udaima. Ndidabwerera pa m'mawa umene iwo adatsikira kunyanja n'kuona nsungwi zili ndandanda, ndipo mantha awo sindidawachepetse ayi, ndidawasimba monga adalili: bambo wa mbumba yonse, njala ili pakhomo, akuona malo akutengedwa iye akuyang'ana. Kenaka ndidawoloka khwawa. Ndidasimba asodzi akukumba matope ndi manja, akufunditsa mabwato awo ngati odwala, aliyense akung'amba malaya ake kuti apeze kansanza. Ndidasimba m'mawa umene adaona utsi popanda mthenga, n'kunena mumtima kuti alimi aja atiwotchera dala kuti madzi akadzabwera tidzakhale opanda manja. Ndidathera pa nsungwi yachitatu kuchokera kudoko.

Nkhani yobwerera ili ndi vuto limodzi, ilibe pothera pabwino. Ya chamtsogolo imathera pa wolakwa, anthu n'kuwomba m'manja. Iyi idangotisiya tonse titaima m'matope.

Achimwene adatembenukira kwa amuna anga. Kadali koyamba kuwayang'ana kumaso chipsereni mabwato.

"Alamu, n'zoona zimenezi?"

"N'zoona, alamu."

"Ndiye mudangokhala duu, ngati chitsa?"

"Mudandiika pa chitsa ndinu."

Bambo adaseka chogona. Achimwene adawatembenukira, "Ababa, inu mukuti bwanji?"

"Ine? Ine ndine mkamwini pano, mwana wanga. Ndidabwera pamudzi pa amako ndili ndi mano onse. Lero ndi lero pamene mwandifunsa."

Achimwene sadaseke nawo. Adaloza mzungu. "Ndiye akuti palibe wolakwa? Mutu wa mwana wa eni udadzing'amba wokha?"

Mzungu adayankha mosamala. Adati olakwa alipo, wotema mnzake adalakwa, wozula chimanga adalakwa, wosatuma mthenga adalakwa. Adatinso tisadzinamize kuti nsungwi zikadamveka bwino ndiye kuti mkangano kulibe, chifukwa malo ndi amodzi, midzi yanjala ndi iwiri, ndipo zimenezo sizichoka ndi kufotokoza. Iye sangaweruze, lero akupita. Koma adati pantchito yake sakhulupirira nkhani chifukwa choti yasimbidwa bwino, ngakhale yosimbidwa bwino ngati iyi. Amapita kukaona ngati pansi pali chotsalira.

Mawu amenewo adandiwawa pang'ono, sindibisa. Koma adali oona.

Achimwene adaimirira n'kukutumula fumbi. "Zanu zamveka. Koma ine ndidanena kale, ndipo anthu adamva. Sindingabweze."

Pamenepo ndidaimirira nanenso, mwana ali kumsana.

"Musabweze, achimwene. Apite. Koma akamapita ine ndili pambuyo pawo, ndi ana anga onse. Ndikakhala chitengwa kwa Asilamu, ndikaphunzira kuwamba matemba. Atsikanawa akakulira kumeneko, akakwatiwa kumeneko. Munda wa amayi mudzalima nokha, ndipo mukadzakalamba mudzaona amene adzakutungireni madzi."

Kwathu kuno mudzi ndi ana aakazi. Mwamuna wopanda alongo ndi ana a alongo ake ndi mwinimbumba wa mitengo. Achimwene ankadziwa, ndipo ankadziwanso kuti ine ndikanena chinthu sindinenera kuyesa. Adachoka osatsanzika ngakhale mlendo.

Mzungu adanyamuka madzulo omwewo. Adagwira dzanja la bambo ndi manja awiri. Kwa ine adanena mawu amene aphunzitsi adamasulira kuti, "Akuti mukadabadwira kwawo, mukadawalanda ntchito." Ndidati awauze kuti ntchito yoti munthu umamera nayo imvi yankho osalipeza, ndawasiyira. Adaseka mpaka kumsewu. Sindidamuonenso, ndipo ngati adalipeza yankho lakelo, uthenga sudafike kuno.

Padapita masiku. Mitambo idayamba kusonkhana cha ku Mulanje, mtolo wa maukonde uli pakhomo pomwepo. Ine ndidayamba kumanga wanga: miphika, mphasa, mbewu za maungu. Ndinkamangira panja, poyera, kuti wodutsa aliyense akanene.

Masana ena ndikuchokera kotola nkhuni ndidaona munthu patali, pakati pa phulusa lakuda pomwe padali njedza. Adali yekha, ndi khasu. Ankayenda pang'ono, n'kuwerama, n'kukumba, n'kuima nthawi yaitali manja ali m'chiuno, n'kupitanso patsogolo. Kayendedwe ndidakazindikira. Zitsa za nsungwi zidali zikadalipo, zopserera, ndipo achimwene ankakumba patsinde pa chilichonse. Zomwe ankapeza sindidafunike kuuzidwa. Ndidapitirira ndi nkhuni zanga, osawaitana.

M'mawa mwake achimwene adafika pabwalo pathu. Adaima pomwe adaima tsiku lija, koma ulendo uno adaodira. Ndidawayalira mphasa, adakhala. Adayang'ana mitolo yanga, adayang'ana nkhuku, adayang'ana denga.

"Chemwali, denga ili lidontha chaka chino."

"Mwini wake akuchoka, achimwene. Lidonthere mbewa."

Kenaka adakweza mawu pang'ono, kulozetsa kuseri kwa nyumba.

"Alamu, muliko?"

Amuna anga adatulukira, n'kunjuta chapatali.

"Alamu, mtengo wosemera bwato umakhala wotani?"

Ndidaganiza kuti ayankha liwu limodzi monga mwa masiku onse. Koma adayamba kufotokoza: kukula kwake, kuwongoka kwake, mmene umaugogodera kuti umve ngati uli ndi mphako, mbali yomwe umaugwetsera, kumene mitengo yotere idatsalako cha kuphiri. Adalankhula mpaka dzuwa lidafika pankhokwe. Achimwene ankangoti, "Eya. Eya." Pomaliza adati mitengo agwetsa ndi amuna a kwathu, kukoka akoka ndi a kwathu, koma kusema sadziwa, ndiye pafunika munthu woti akanene kutsidya kwa khwawa kuti osema abwere.

"Mupita ndinu, alamu. Mukabwerako mudzandiuze zomwe akayankhe. Zonse, osadikira kuti ndikufunseni."

Amuna anga adapita tsiku lomwelo. Kwawoko sadawalandire ndi manja awiri. Mkulu wawo adawatcha kapolo wa alimi, ena adakana kubwera mpaka kalekale, ndipo za malo zidakanganidwabe mpaka madzi adabwera okha kudzatenga malo awo. Koma osema angapo adabwera, ndipo tidawaphikira nkhuku yochinja okha.

Madzulo a tsiku limene adatumidwalo ndidakhala pakhonde kuyang'ana njira ya kukhwawa. Adatulukira dzuwa lili pang'ono kulowa, akuyenda mwa masiku onse, osafulumira. Sadafikire kunyumba. Adapita kaye kwa achimwene, ndipo ndinkawamva kuchokera pomwe ndidakhala, mawu a amuna anga okhaokha, akupereka uthenga wonse ndi zotukwana zomwe. Atatha adabwera, adasamba m'manja, n'kundifunsa ngati udzu wofolera ungapezekebe kudambo la kumtunda, poti la kunyanja lidapsa. Ndidati ulipo, koma ndi wautali ulendo. Adati tidzuke molawirira.